Nkhongole ya Maphunziro: Kodi Digiri ya za Cikhalidwe ca Anthu Ikhoza Kuibweza?

Caka ndi caka, ana a sukulu amene atsiriza Giredi 12 ndi kupeza malo pa University of Zambia amapempha nkhongole ku boma kuti alipire maphunziro ao. Ambiri mwa iwo amalowa mu cigawo ca Humanities and Social Sciences, kumene amaphunzira za cuma, za citukuko, za kayendetsedwe ka boma, za ciwerengero ca anthu ndiponso za umoyo wa anthu m'madera. Funso limene makolo ambiri ali nalo ndi lakuti, kodi malipiro amene mwana adzalandira akatsiriza zaka zinai adzakwanira kubweza nkhongoleyo?

Kale thandizo limeneli linali kucedwa basale, ndipo linali m'manja mwa kabungwe ka Bursaries Committee. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo limene linakhazikitsa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, HELSB mwacidule. Mu 2018 bungweli linayamba kutolera nkhongole kwa onse amene anathandizidwa kuyambira mu 2004. Ambiri amene anali kuganiza kuti ndalamazo zinali mphatso anadabwa kuona malipiro ao akudulidwa pa kutha kwa mwezi.

Wophunzira akatsiriza maphunziro amapatsidwa caka cimodzi copumira, ndipo pambuyo pace ayenera kubweza m'zaka 10. Ciwongoladzanja cinali pa 15 peresenti, koma cinatsitsidwa kufika pa 10 peresenti mu 2024. Lamulo limapatsa olemba nchito udindo wodula ndalamayo pa malipiro ndi kuitumiza ku bungweli.

Cofunika kumvetsa ndi cakuti kukula kwa nkhongole kumadalira ndalama zimene boma linalipirira wophunzira, osati malipiro amene adzapeza pa nchito. Mwacitsanzo, munthu amene ali ndi nkhongole ya K100,000, ngati ciwongoladzanja ca 10 peresenti ciwerengedwa pa ndalama yotsala mwezi ndi mwezi, adzalipira pafupifupi K1,320 pa mwezi kwa zaka 10. Zonse pamodzi zidzapitirira K158,000.

Ndalama yomweyo imalemera mosiyana kwa anthu awiri. Potsatira misonkho ya mu 2024, wolandira K8,000 pa mwezi anali kutsala ndi K6,850 atacotsa msonkho wa PAYE, 5 peresenti ya NAPSA ndi 1 peresenti ya NHIMA. Kwa iyeyu nkhongole ikanatenga pafupifupi kwaca imodzi pa makwaca asanu alionse. Wolandira K5,000 sanali kulipira PAYE, cifukwa msonkhowu unali kuyambira pamwamba pa K5,100, koma anali kutsala ndi K4,700, ndipo nkhongole ikanadya ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo anai. Pa zotsalazo ndi pamene payenera kucokera lendi, unga, malaiti, zoyendera ndi thandizo kwa abale a kumudzi.

Vuto lalikulu kwa ophunzira za cikhalidwe ca anthu ndi nthawi imene imapita asanapeze nchito yoyamba. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito za umoyo oposa 11,000. Amene anaphunzira uphunzitsi kapena unamwino amadziwa khomo limene ayenera kugogoda. Wophunzira za citukuko kapena za ndale alibe khomo limodzi lotere. Nchito zace zimapezeka m'maunduna, m'makhonsolo, m'mabanki, m'mabungwe a kafukufuku ndi m'mabungwe amene si a boma. Zambiri mwa nchito za m'mabungwewa ndi za kontrakiti, ndipo zimadalira thandizo locokera kunja. Pamene dziko la America linadula thandizo lace lodzera ku USAID mu 2025, anthu ambiri a m'mabungwe otere anacotsedwa nchito, koma nkhongole zao zinatsala.

Izi sizitanthauza kuti maphunzirowa alibe phindu. Dziko lifunika akatswiri owerenga anthu, okonza bajeti, oyendetsa makhonsolo ndi oyang'anira thandizo la ndalama limene boma limapereka kwa mabanja osauka. Ndiponso maphunziro a m'cigawoci si ofanana pa msika wa nchito. Amene waphunzira za cuma kapena za ciwerengero ca anthu, ndipo adziwa kusanthula manambala pa kompyuta, ali ndi malo ambiri ofunsirako nchito kuposa amene ali ndi pepala cabe.

Cotero banja liyenera kukhala pansi ndi kuwerengetsa mwana asanasaine. Bungwe la HELSB limapereka nkhongole yolipira fizi yonse kapena gawo lace cabe, ndipo banja limene likwanitsa kulipirako pang'ono limacepetsa katundu amene mwana adzasenza kwa zaka 10. Ndi bwinonso kufunsa amene anatsiriza maphunziro omwewo zaka zitatu kapena zinai zapitazo kuti anapeza nchito liti, ndipo alandira zingati. Kuwerengetsa kuyenera kuyambira pa malipiro ocepa amene munthu angayambe nao, osati pa malipiro a bwana wa pa ofesi.

Ndalama zimene zimabwezedwa ndi zimene bungweli limakongozanso ana ena amene akulowa kumene m'mayunivesiti a boma. Motero nkhongole imene yalephera kubwezedwa imavutitsa mwini wace, komanso imatsekera malo mwana wina wa ku Chipata, Mongu kapena Kasama amene wakhoza bwino mayeso ace.