ATSIKANA A KWA MWASE: MALO ALIPO, CIGONO NDICO CISOWA

Zotsatira za mayeso zikafika m'midzi ya Mfumu Yaikulu Mwase m'boma la Lundazi, makolo ayamba kufunsana kuti mwana wamkazi adzaphunzira kuti.

Sukulu ya atsikana okha-okha yomveka m'Cigawo ca Kum'mawa ndi St Monica's ya Akatolika ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 180 kucokera pa boma la Lundazi. Ana agona komweko, koma malo ndi ocepa, ndipo asankhidwa okhawo amene akhoza kopambana. Ambiri otsala alowa m'masukulu oyendera.

Bvuto lagona pamenepa. Mtsikana wocokera kutali acita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu, adziphikira yekha, nabwerera kwao pa Cisanu kukatenga ufa ndi nyemba. Usiku alibe womuyang'anira. Ufa ukatha pa Citatu, wobwera ndi thandizo kawiri-kawiri sakhala mbale wace ai, ndipo mimba zina ziyambira pomwepo.

Boma linacotsa malipiro a sukulu mu Januwale wa caka ca 2022, koma za cigono zinatsala. Makolo osowa angapemphe thandizo la CDF kupyolera m'komiti ya citukuko ya wadi yao.

Ciyambire 1997, mtsikana amene waima aloledwa kubwerera m'kalasi atacira. Kumukwatitsa asanakwane zaka 18 lamulo la 2023 likaniza, ngakhale ukwati ukhale wamwambo. Makolo apite kwa mphunzitsi wamkulu msanga, malo a mwanayo asungidwe.