"Nyumba yogulitsa", koma ili kuti, mtengo wake bwanji?

Ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni ndaona zikwangwani zofanana: "Nyumba yogulitsa", pansi pake nambala ya foni, basi. Mtengo palibe, zipinda sakutchula, za madzi ndi magetsi a ESCOM zii! Nanga title deed ilipo?

Inu amalonda mukudziwa, tomato wovundikira m'dengu sagulidwa. Mwini nyumba amadikira miyezi, mapeto ake amangotchipitsa. Wogula naye amathera m'manja mwa madobadoba, omwe amayamba kulipiritsa ndalama yoonera nyumba, kenako n'kuwonjezera yawo pamtengo. Ena amalipira nyumba yomwe inagulitsidwa kale kwa wina.

Mpamba wa geni sutoledwa pamsewu, abale. Musanaupereke, onani mapepala, mukafufuze ku ofesi ya Lands kapena kukhonsolo ngati wogulitsayo alidi mwini wake.