Mmene Moto wa M'tchire Umayendera

Munthu akaima pamchenga wa ku Makuzi usiku wa mwezi wa September nayang'ana kumtunda, kumene dziko limakwera kulinga ku Viphya, amaona mzere wofiira ukukwawa m'zitunda. Alimi anzanga, mzere umenewu ndiwo umatha nkhokwe, zigafa ndi udzu wofolera. Tiyenera kudziwa mayendedwe ake kuti tiugonjetse.

Moto umayenda chifukwa umadzikonzera wokha chakudya. Malawi ake amatumiza kutentha kutsogolo, pa udzu umene sunayake. Poyamba madzi a m'udzuwo amaphwa pa madigiri 100, ndipo kufikira atatha udzu sungayake. Ukafika pafupi madigiri 300 umatulutsa mpweya woyaka. Mpweyawo ukagwira moto, malawi amapitirira madigiri 600, nayamba kuumitsa udzu wotsatira. Kutentha kwakukulu kumakhala pamzere wopapatizawo. Kumbuyo kwake kumazizira msanga.

Zinthu zitatu zimalamula liwiro lake. Choyamba ndi chinyontho: udzu wa mu May umazimitsa mphamvu ya moto, koma wa mu October umangoti lawi. Chachiwiri ndi mphepo: mwera ukamawomba kuchokera kunyanja umaweramitsa malawi pa udzu wa kutsogolo. Chachitatu ndi chitunda: kupendekeka kwa malo kukawonjezeka ndi madigiri 10, moto wokwera umathamanga pafupifupi kawiri.

Moto wothamanga sutenthetsa nthaka mozama, koma umadya zinyalala zimene zikanasanduka manyowa, ndipo mvula yoyamba imakokolola dothi losavalalo. Mulu wa mapesi umanyeka pamalo amodzi nthawi yaitali, kutentha nkulowa pansi. N'chifukwa chake alimi a fodya amawotcha mapesi pa nazale, kuti aphe njere za udzu ndi tizilombo. M'munda mapesi musawawotche, akwirireni m'mizere.

Tsono chitani izi. Lambulani mozungulira nkhokwe, chigafa ndi munda wa chinangwa, mulifupi mayadi asanu kapena kuposa, pakuti moto ukasowa choumitsa kutsogolo umafa wokha. Ngati kutentha tchire kuli kofunika, pemphani mfumu isonkhanitse anthu mu May kapena June. Yatsani madzulo mphepo itadeka, kuyambira pamwamba pa chitunda, moto uyende motsutsana ndi mphepo. Musachoke kufikira chitsa chomaliza chitazima.