MLANDU SUOLA: KULONDOLA MABANJA A ALENDO A PA MAGOMERO

Akuluakulu anati mlandu suola. Mau amenewa ngoona pa bwalo la mfumu, ndipo ngoonanso m'nyumba zosungiramo makalata akale a Boma, m'mene mlandu umene unaweruzidwa agogo athu asanabadwe ukali chigonere m'mapepala, kudikira munthu woti adzauwerenge. M'nkhani ino ndifuna kufotokozera anzanga njira imene anthu ophunzira mbiri amalondolera mabanja a alendo amene maina ao anamveka pa mlandu wakale. Ndasankha mlandu wa pa Magomero, m'boma la Chiradzulu. Ena adzati, kodi ife a ku Limphasa tiri nazo kanthu za kumwera? Fatsani pang'ono, mudzaona kuti nkhaniyi inafika ndi kuno komwe ku Chintheche.

Zimene zinachitika

Usiku wa Loweruka, pa 23 January, 1915, anthu otsata Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe analowa pa munda waukulu wa A. L. Bruce Estates napha Azungu atatu: William Jervis Livingstone, amene anali woyang'anira mundawo, Duncan MacCormick, ndi Robert Ferguson amene anali ku Mwanje. Akazi ndi ana anawatenga koma sanawaphe, ndipo pambuyo pake anawamasula. Chilembwe anaomberedwa pa 3 February ali kulinga ku malire a dziko la Apwitikizi. Anthu pafupifupi 40 anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo pafupifupi 300 anaikidwa m'ndende.

Boma la atsamunda linati umenewu unali mlandu wakupha ndi woukira Boma. Ife lero timakumbukira Chilembwe pa 15 January monga ngwazi yathu, ndipo nkhope yake iri pa ndalama zathu. Chinthu chimene ambiri sachiganizira nchakuti anthu ochuluka a pa mlanduwu, mbali zonse ziwiri, anali obwera. Azunguwo anali ochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo ambiri mwa anthu olima pa mundawo anali Alomwe ochokera ku Mozambique.

Banja la ku Lismore

Kulondola banja la Livingstone sikubvuta kwambiri, chifukwa kwao ku Scotland Boma linayamba kulemba kubadwa, ukwati ndi imfa ya munthu ali yense m'chaka cha 1855, ndipo kalembera wao wa zaka khumi ziri zonse amalemba munthu ndi dzina lake kuyambira 1841. M'mabuku amenewa tipeza kuti William Jervis Livingstone anabadwa mu 1865 pa Bachuil, pa chilumba cha Lismore. Banja lake ndilo limasunga ndodo yakalekale ya Moluag, mlaliki amene anabwera ndi Chikhristu pa chilumbacho. Mwana wake Alastair, amene anali khanda usiku wa nkhondo uja, anakula nakhala mkulu wa banjalo ku Lismore, ndipo anamwalira mu 2008.

Apa pali msampha woyamba. Mwini wakale wa mundawo, Alexander Low Bruce, anakwatira Agnes, mwana wa Dr. David Livingstone, ndipo chifukwa cha dzinalo anthu ambiri amayesa kuti woyang'anira uja anali wa m'nyumba ya Dotoloyo. Koma agogo a David Livingstone anachokera pa chilumba china, cha Ulva. Ubale wao unali wa pfuko chabe, wa patali. Ifenso tidziwa kuti a Chirwa onse kapena a Banda onse sali a mimba imodzi. Wofufuza asakhulupirire dzina lokha. Afune mudzi, chaka ndi maina a makolo.

Mabanja a Alomwe

Nchito yeniyeni iri pa Alomwe. Anthu amenewa anayamba kulowa ambiri m'dziko muno cha m'ma 1890, pothawa msonkho, nchito yokakamiza ndi nkhanza za Apwitikizi, ndiponso njala. Popeza analibe malo aoao, ambiri anakhala pa minda ya Azungu, ndipo malo okhalapowo analipira ndi thangata. Pa lamulo munthu anayenera kugwira mwezi umodzi wa malo ndi mwezi wina wa msonkho, koma pa Magomero, munda wa maekala oposa 160,000, miyeziyo inali kutalika monga anafunira mwini buku. Matchalitchi a udzu amene anthu a Chilembwe anamanga pa mundawo anatenthedwa.

Kalembera wa Nyasaland anali kuwerenga mitu, osalemba maina. Atiuza kuti mu 1921 Alomwe analipo pafupifupi 120,000 ndipo mu 1945 pafupifupi 380,000, koma satiuza kuti uje anali mwana wa yani. Ndiponso wofunafuna liu lakuti Alomwe m'makalata a 1915 adzatopa chabe, pakuti Boma linali kuwalemba ndi dzina lonyoza lakuti Anguru, kufikira Lewis Mataka Bandawe ndi anzake atayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943 napempha kuti dzinalo lileke.

Palinso mabvuto ena. Munthu mmodzi anali ndi dzina la ubwana, la ku chinamwali, la ubatizo ndi lina la ku nchito, ndipo kalaliki ali yense analemba monga anamvera m'khutu mwake. Alomwe amatsata kuchikazi, chotero wolondola dzina la bambo lokha, monga amachitira Azungu, adzasokera pa mbadwo wachiwiri. Nkhondo itatha, asilikali anatentha midzi naombera anthu ena popanda mlandu kuzengedwa, ena anathawira ku Mozambique, ndipo amene anatsala anaona kuti nkwabwino kukhala chete.

Komabe ena maina ao anasungika. John Gray Kufa, amene anaphedwa ndi Boma pa mlanduwu, anali wochokera ku mathiriro a Zambezi, ndipo mbiri yake ipezeka m'mabuku a Mishoni ya Blantyre kumene anali mkulu wa mpingo ndi wothandiza m'chipatala. Duncan Njilima nayenso anaphedwa, koma mwana wake Frederick, amene anali pa sukulu ku America, apezeka m'mabuku a asilikali a Britain, pakuti anamenya nao nkhondo yaikulu yoyamba nalandira mendulo ya kulimba mtima.

Kumene makalata ali

Nyumba yosungira makalata akale a dziko lathu iri ku Zomba, ndipo inayamba mu 1947. Koma mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya Boma komweko, ndipo mapepala ambiri anapsa. Mwai wake unali wakuti Bwanamkubwa anali kutumiza makalata ku London, ndipo amenewo asungidwa ku Kew. Pakati pao pali umboni umene anthu anapereka kwa bungwe lofufuza la Jaji Lyall Grant mu 1915. Bungwelo linabvomereza kuti pa munda wa Bruce anthu anali kuzunzika. Umboni umenewu John McCracken anausonkhanitsa m'buku limene linatuluka mu 2015.

George Shepperson ndi Thomas Price analondola moyo wa Chilembwe kufikira ku America m'buku lao la 1958, Independent African. Landeg White, amene analemba buku lochedwa Magomero mu 1987, sanakhutire ndi mapepala okha. Anakakhala pansi ndi nkhalamba za m'midzi ya kumeneko nalinganiza mau ao ndi zolembedwa. Njira yabwino ndi imeneyi. Pepala lisunga chaka koma linalembedwa ndi mbali imodzi. Nkhalamba isunga ubale koma iiwala chaka. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Atonga awiri

Tsopano tibwerere kwathu. Elliot Kamwana wa ku Chifira, amene anabatiza anthu zikwi zambiri m'dera lino asanachotsedwe ndi Boma mu 1909, anali m'manja mwa Boma ku Mulanje pamene nkhondoyi inabuka. Ngakhale sanagwire nthungo, Boma linamuopa, ndipo linamtumiza ku Mauritius, kenaka ku Seychelles. Anabwerera mu 1937.

Wachiwiri ndi George Simeon Mwase, Mtonga amene anali kalaliki wa Boma. Iye anamangidwa mu 1931 pa mlandu wa ndalama za msonkho, ndipo m'ndende ya Zomba anakomana ndi Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a Chilembwe. Zimene anamva kwa iye anazilemba mu 1932, ndipo zolembazo zinagona m'makalata a Boma kufikira Robert Rotberg anazisindikiza mu 1967 pa mutu wakuti Strike a Blow and Die. Mwase sanaone nkhondoyo ndi maso ake, ndiponso analemba ali m'manja mwa Boma, chotero mau ake tiwayeze ndi umboni wina. Komabe ndi munthu wa kunyanja kuno amene anasungira dziko lonse mau a mbali imene inagonjetsedwa.

Chimene ife tingachite

Ife Atonga tiri alendo m'maiko a eni. Clements Kadalie wa ku Chifira anafera ku East London mu 1951, ndipo machona ambiri a kuno agona ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Zidzukulu zao zikadzafuna kwao zidzakomana ndi mabvuto omwe aja a Alomwe. Chifukwa chake tiyeni pa tchuthi tifunse agogo athu maina onse a makolo, mudzi ndi mfumu yake, ndi kumene wina ali yense anapita. Tilembe tsiku ndi dzina la wotiuza. Tipemphe akulu a mpingo ationetse mabuku a ubatizo, pakuti mishoni inafika pa Bandawe mu 1881. Tikapeza kuti kholo la mnzathu linali pa mlandu woipa, tisapite nazo pa msika. Mwana sasenza mlandu wa agogo ake, ndipo cholinga chathu ndi kudziwa zoona, osati kudzutsa udani. Nchito imeneyi ifuna kuleza mtima, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.