Dzina Labwino pa Ngongole

Inu atsogoleri a makalasi, mukudziwa kuti mwini kantini pamudzi amazindikira woyenera kumkongoza mchere ndi wosayenera. Ku America nzeru yomweyi anaisandutsa nambala. Muyeso wa FICO, umene unayamba mu 1989, umachokera pa 300 kulekeza 850. Nambala ikakwera, banki imakongoza msanga, chiwongoladzanja n'kuchepa. Chotidabwitsa ife n'chakuti malipiro a munthu sawerengedwamo ayi. Gawo lalikulu, 35 pa 100, ndilo kubweza pa tsiku lake. 30 pa 100 ndi kukula kwa ngongole zimene wasenza kale.

Tsono pophunzitsa kuwerenga tisadumphe kalendala. Mayi wosatha kuwerenga tsiku lolembedwa papepala la ngongole amachedwa kubweza nayesedwa wosakhulupirika, chikhalirecho ndalama zili pamfundo ya chitenje.