Tsiku limene gitala ya mphwanga inasiya kukazinga tchipisi

Mwana wa mchemwali wanga zala ali nazo, zimenezo palibe angatsutse. Gitala anaiyamba ali ku sekondale, ndipo pamene anzake ankakangalika ndi amapiano, iye mutu unazungulira ndi nyimbo za ku Zambia za m'ma 1970, zija amazitcha Zamrock: WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya, ndipo koposa onse Paul Ngozi ndi Ngozi Family yake. Chinamudya mtima ndi gitala yolusa ija, yosasa mawu, yoti ikalowa m'nyimbo zida zina zonse zimachita kupatuka. Anasunga timakobidi ta maganyu mpaka anagula pedal ya distortion, ka sound card ndi laputopu yogwirapo kale ntchito. Kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi ake kanasanduka situdiyo.

Zimene zinkatuluka m'situdiyomo ndiye zinali zomvetsa chisoni. Ankanditumizira pa WhatsApp, ine n'kumatsegula ndi chiyembekezo chonse. Ng'oma bwinobwino. Bezi bwinobwino. Ikangolowa gitala, tsssss! Yopyapyala, yobaya m'makutu, manotsi osamveka kuti ili lathera pati, linali layambira pati. Mayi ake, amene nyimbo amazidziwira ku Mvano basi, ndi amene anaupatsa dzina mliriwu: anagogoda pachitseko n'kufunsa ngati watsegula chiwaya cha tchipisi pakhomo pawo. Mnyamatayo palibe chimene sanayese. Anadula mawu a pamwamba ndi EQ, gitala n'kufota yonse. Anathira reverb, kuthetheka kuja n'kufalikira nyimbo yonse. Anaijambula kawiri, ina kumanzere ina kumanja, ziwaya n'kukhala ziwiri. Anasintha nsambo, anatukwana pedal, ndipo pomwe ndinkakamuona n'kuti atayamba kale kufunsa anzake mtengo woti agulitsire gitalayo.

Ine za situdiyo si kwenikweni. Zaka zanga ndathera kunyamula masipika m'maukwati ndi m'misonkhano, kukoka mawaya, kuimika mamaiki kutsogolo kwa maampu a eni. Koma nditangoyang'ana patebulo pake ndinayamba kumwetulira.

"Mphwanga, waya wochoka ku pedal uyu akupita kuti?"

"Mu sound card, malume."

"Nanga ampu ili kuti?"

"Ya chiyaninso, malume? Masiku ano zonse ndi m'kompyuta."

Ndinaseka mpaka misozi, iye nkhope ili thoo.

Nkhani yake ndi iyi. Distortion imagwira ntchito pokankha mawu a gitala mopitirira muyeso mpaka nsonga za mafunde ake kudukaduka. Kudukako kumabereka timawu tina tambirimbiri pamwamba pa noti imene wakhwatcha. Nsambo yaikulu ya E imalira pa 82 hertz, pansi penipeni, koma ikadutsa mu pedal timawu tongobadwato timakwera mpaka kudutsa 10,000 hertz, ndipo kumtunda kumeneko kulibe nyimbo, kuli kuthetheka kokhakokha. Tsono sipika ya mu ampu ya gitala ndi yaulesi mwadala. Ilibe kasipika kakang'ono ka tweeter kamene kamakhala m'masipika omvera nyimbo, ndipo chipepala chake chokhuthala chija chikadutsa cha m'ma 5,000 hertz chimayamba kukanika kunjenjemera. Zonse za kumtunda imangozitaya. Gitala yolusa imene timaikonda pa zimbale ndi zotsalira sipika itataya zinyalala. Mphwanga anali atachotsa wotaya zinyalalayo, n'kumajambula mosamala chilichonse chimene makutu a munthu sankayenera kumva.

Mwana wa masiku ano sagonja wamba. Anandikumbutsa kuti The Beatles mu 1968 anajambula magitala a "Revolution" popanda ampu. Zoona. Ku Abbey Road, mu London, Geoff Emerick analumikiza magitala mwachindunji ku mikisa n'kukankha ma preamp mpaka kulira. Koma imvereni nyimboyo: gitala yake ndi yokanda, yowawa, ndipo ankafuna zomwezo. Inenso ndinali ndi yanga. Mu 1964 Dave Davies wa The Kinks anatenga lezala n'kucheka chipepala cha sipika ya ka ampu kake ka Elpico, ndipo ukali wa "You Really Got Me" unachokera pamenepo. Munthu anachita kuvulaza sipika kuti apeze mawu, iwe n'kumati sipika ndi yachikale? Gitala yosalusa, ya rumba kapena ya nyimbo zauzimu, ukhoza kuilowetsa mwachindunji, imatuluka yowala bwino, ndipo Nile Rodgers wa Chic amadziwika ndi njira yomweyo. Bezi nayonso sidandaula. Koma ukangoponda distortion, malamulo asintha.

Loweruka lotsatira ndinatulukira pa kabaza, ampu ili pamiyendo. Yaing'ono, ya sipika imodzi ya mainchesi 12, nsalu ya kutsogolo yong'ambika pakona, fungo la fumbi la m'maholo. M'thumba munali Shure SM57 yanga yoperepeseka utoto. Maiki imeneyi inatuluka mu 1965, atsogoleri a dziko la America akhala akulankhulirapo kwa zaka zambiri, koma ntchito imene ine ndimailemekezera ndi yoima chala chimodzi kuchoka pa ampu yokuwa osatekeseka. Mphwanga anayang'ana ka ampuko ndi diso lonyoza. Ndinamuuza kuti maiki ilibe maso, sidziwa kuti ampu ndi yaikulu bwanji.

Tinaikweza pampando kuti simenti isawonjezere kugunda, kumbuyo n'kuimika matiresi. Kenako ndinamupatsa tochi ya pafoni kuti aunike kudzera pansalu. Pakati pa sipika pali kachipewa kozungulira. Ukaloza maiki pakachipewapo, mawu amatuluka akuthwa. Ukamaisendeza cha kumphepete amanka nadera, nanenepa, mpaka kufika poti zii. Ukaiyandikiza kwambiri pansalu, mawu a pansi amakula. Malo amene ambiri timayambira ndi pamene kachipewako kakumana ndi chipepala. Iye anavala mahedifoni n'kumakhwatcha chord imodzi yomweyo, ine ndili chogwada, kusendeza maiki pang'onopang'ono, kuchepera chala chimodzi ulendo uliwonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwadzidzidzi anakuwa: "Pompo, malume! Musagwedezenso! Musapume n'komwe!"

Ndinamuuzanso achepetse gain pa pedal, aisiye cha pakati, ampu ndiyo aikweze. Anachita monyinyirika. Oimba ambiri amaganiza kuti ukali uli pa kabatani kameneko, chonsecho kakachuluka manotsi amaphwanyika n'kukhala phala.

Anadina kabatani kofiira kojambulira, n'kuimba nyimbo yomwe ija inkatisowetsa mtendere.

Abale inu! Titaibweza kuti timve, tonse kukamwa kunali yasa. Gitala yomweyo, pedal yomweyo imene inatukwanidwa, zala zomwezo. Koma tsopano inali ndi chifuwa. Chord ikagwa umamva nsambo iliyonse payokha, ukali uli pakati, pamene khutu limakonda, kumtunda kuli phee. Akagwira nsambo ndi chikhatho n'kumadula, umamva sipika ikukankha mpweya, du, du, du. Anaika zojambula ziwirizo moyandikana, yakale ndi yatsopano, n'kumasintha: tsssss, kenako bangu! Tsssss, kenako bangu! Ankangodumpha m'kachipindamo, mutu kutsala pang'ono kugunda malata. EQ yonse imene anaunjika miyezi yapitayo anaichotsa, ndipo gitala inangokhala pamalo pake pakati pa bezi ndi mawu ake oimba popanda woikankha.

Chimene sankachiyembekezera chinabwera pa solo. Atakoka noti yomaliza n'kutembenukira ku ampu, notiyo inakana kufa. Inapitirira, n'kukwera, n'kuyamba kulira yokha. Phokoso la sipika linkagwedeza nsambo, nsambo n'kubwezera ku ampu, ampu n'kubwezera ku nsambo. M'mahedifoni zimenezi sizichitika, chifukwa gitala simva chilichonse. Anaima chiimire, gitala ili m'manja ikuimba yokha, iye akuseka ngati watola chikwama. Mayi ake anatsegula chitseko osagogoda, supuni ya ndiwo ili m'manja. Tinkati tilandira mawu. Anamvetsera kaye, kenako anati, "Iyi ndiye gitala. Koma ikakwana sikisi koloko muzimitse, anthu a pakhomo lino ndi a pa lendi."

Lamulo la sikisi koloko lija ndi limene linamubwezeranso ku waya wachindunji, koma tsopano akudziwa chimene chinkasowa. Nzeru yoika sipika yongoyerekezera si ya dzulo: Tech 21 inatulutsa SansAmp mu 1989, Line 6 n'kubwera ndi POD mu 1998, ndipo lero m'kompyuta mumalowa timafayilo totchedwa impulse response, tina taulere, timene timasefa mawu mofanana ndi sipika yeniyeni. Usiku amajambula choncho, ndipo ndisaname, zimamveka bwino ndithu moti m'nyimbo yodzaza zida sindingalumbire kuti iyi ndi iti. Chimene chimandikomera n'chakuti nthawi zambiri kafayilo kotero kamakhala kopangidwa ndi munthu wina kwinakwake amene anagwada kutsogolo kwa sipika n'kuloza maiki, monga ndinachitira ine. Waphunziranso kachinyengo kena: akamajambula ndi maiki, amagawa waya kudzera mu DI box n'kusunga gitala yosalusa pambali. Mawa akafuna kusintha mawu, amaitumizanso ku ampu osaimbanso.

Nyimbo ija anaitumiza kwa anzake a bandi, ndipo woimba ng'oma anaimba foni kufunsa kuti situdiyo imeneyi ili kuti, amalipiritsa zingati pa ola. Mphwanga anatchula mtengo, osaphethira. Gitala sakugulitsanso. Ampu yanga ndi SM57 mpaka lero sizinabwerere. Ndikafunsa amangoti, "Malume, chimbale chisanathe musaziyembekezere," moti woimba gitala wa pa ukwati wa Loweruka likubwerali ndamuuza kale kuti abwere ndi ampu yake.