Aphunzitsi a Mbedza ndi Mono

Aphunzitsi amene awerenga tsamba lino angadabwe kumva kuti m'chaka cha 1991 a Positi a ku America anasindikiza sitampa yokhala ndi chithunzi cha nyambo yowedzera nsomba. Mwini nyamboyo ndiwo Bambo Lefty Kreh a ku Maryland, amene anabadwa mu 1925 namwalira mu 2018. Iwowa ankamangirira nthenga za nkhuku ndi ubweya wa mbawala pambedza, kotero kuti m'madzi zinkaoneka ngati kansomba kamoyo, ndipo kufikira ukalamba wao anayendayenda kuphunzitsa anthu luso limeneli.

Uwedzi wotere Azungu anafika nawo kuno pamene anaika nsomba za trout mumtsinje wa Mulunguzi paphiri la Zomba. Koma ku Kandeu, m'boma la Ntcheu, aphunzitsi enieni a usodzi ndiwo nkhalamba zoluka mono, umene mipata yake ipulumutsa tiana ta nsomba. Sukulu yao ndi pakhonde, malipiro palibe, ndipo ophunzira akuchepa, pakuti anyamata ena athamangira neti ya udzudzu, imene sisiya kanthu m'madzi, chinkana lamulo liletsa.

Sitampa sitipempha. Tingopempha akulu a masukulu kuti aitane nkhalamba zotere pa nthawi ya ntchito zamanja, bango lili pomwepo.